Disiki yadzaza, mlandu ukugwera wa IT

Lolemba ndi Lachiwiri panalibe chachilendo: kukonza ma dashboard a Kibana (pulogalamu yoonetsera data pa ma graph) a anzathu a zamalonda, kuona ngati makontena a Docker (momwe mumayendera mapulogalamu athu) ali moyo, basi. Lachitatu magetsi anathima, ndipo seva itayaka Elasticsearch (pulogalamu yosunga ndi kufufuza data imene Kibana imaonetsa) inakana kudzuka chifukwa amene anaiika kale sanalembe setting imene imafunika, vm.max_map_count ya 262144, mu fayilo ya sysctl.conf. Imeneyo sinanditengere nthawi.

Chimene chandilembetsa izi ndi Lachinayi. Abwana anali ndi alendo 10 koloko m'mawa, akufuna kuwaonetsa ma graph pa projekita. Kibana ikutseguka, koma data ya usiku wonse mulibe, kusunga chilichonse ikukana, ena ngakhale kulowa kumene akulephera. Nditayang'ana ma log (zolemba za zimene zikuchitika pa seva) ndinapeza disiki yadutsa 95%. Anzanga a ntchitoyi mukudziwa kuti Elasticsearch imayamba kuchenjeza pa 85%, pa 90% imafuna kusamutsira ma shard (zidutswa za data) ku seva ina (ife tili ndi seva imodzi yokha, ndiye isamutsire kuti?), ikafika 95% imatseka ma index (mosungira data) kuti pasalembedwenso kanthu. Kibana nayo imasunga zinthu zake mu Elasticsearch momwemo, ndiye zonse zinaima pamodzi.

Abwana ataima kumbuyo kwanga akuti, “Achimwene, ingozimitsani n'kuyatsanso.” Ndinawayankha mwaulemu kuti kuyatsanso kontena sikuwonjezera malo pa disiki. Mumtima ndinali nditapsa. Pempho la disiki ina ndinalemba kalekale, yankho linali loti ndalama palibe, koma mipando yatsopano ya m'chipinda cha misonkhano inabwera. Ndinapemphanso kuti ma log akale tizifufuta pakapita nthawi, akuti ayi, mwina tidzawafuna. Palibe amene anawatsegulapo.

Ndinachotsa ma image akale a Docker (mafayilo opangira makontena) ndi lamulo la docker image prune, ma index a chaka chatha ndinawatengera snapshot (kope) pa disiki yakunja n'kuwafufuta. Malo atatsika pansi pa 90%, Elasticsearch inatsegula yokha ma index aja, monga imachitira kuyambira pa version 7.4. Alendo anaona ma graph awo mochedwa pang'ono, ndipo pa msonkhanowo anawauza kuti “a IT anachedwa kukonzekera.”

Lachisanu ndalemba ILM policy, ndondomeko ya mu Elasticsearch yoti ma log azifufutika okha, ndi pempho la disiki kachiwiri. Zonse zili pa tebulo la abwana kudikira siginecha, ndipo disiki ili pa 88%.