Magulu 6 a zakudya, koma pa msika wa kuno kuchigwa

Magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja kuwaloweza sinkhani ayi, olo mwana wa sitandade 5 atha kukuyimbirani: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ife m'kalasi yathu ya za kadyedwe tinawamaliza tsiku loyamba lomwelo, aliyense kulemba mu hadikava yake bwinobwino mpaka kujambula ndi zithunzi. Zinthu zinadzavuta pomwe aphunzitsi anatipatsa homuweki yoti aliyense atenge ndalama yomwe pakhomo pake amagwiritsa ntchito patsiku, osawonjezera olo khobidi, apite pa msika, akabwere ndi magulu onse 6, aphike, banja lidye. Popanda fuliji, dzuwa lake la pa Ngabu lomweli lomwe mu Okutobala ndi Novembala limadutsa madigiri 40. Apa nde ndinaona kuti phunziroli likuchitikira pa benchi ya amayi ogulitsa masamba, m'kalasi muja timangokalembamo zotsatira.

Chithunzi chomwe timaphunzirira, chomwe ambiri munachionanso kusikelo, sichinama, koma mukachiyang'anitsitsa muona kuti zambiri zomwe maso amathamangirapo ndi zakumtunda, kabichi, karoti, mbatatesi, chinanazi, nthochi. Kuno zinthu zimenezi zambiri zimachita kutsika phiri, kuchokera ku Thyolo, ku Bvumbwe kaya ku Blantyre, kudzera pa Thabwa, nde pofika pa Nchalo kapena pa Ngabu mtengo wake muli kale thiransipoti, muli phindu la venda woyamba ndi wachiwiri, komanso muli ndalama ya zomwe zafota m'njira. Mayi akaona chithunzi chija amangoti basi kudya bwino ndi kwa anthu olandira pamwezi. Ine ndimaona kuti maganizo amenewa ndi amene akutisaukitsa mbale kuposa umphawi weniweniwo, chifukwa gulu lililonse pa magulu aja lili ndi chakudya chake chakuno chomwe nthawi yake ikakwana chimatsika mtengo mpaka ena kumangopatsana.

Nde ndinasiya kulemba mayina a zakudya, ndinayamba kulemba miyezi. Madzi akaphwa m'madimba a m'mbali mwa Shire, cha mu Epulo ndi Meyi kupita kutsogolo, anthu amabzala chimanga, nyemba, maungu ndi mbatata, nde miyezi yotsatirayo kholowa ndi nkhwani zimakhala mbwee. Khobwe amatipatsa kawiri, chitambe masamba ake kenako nyemba zake. Masawu amapsa nyengo yozizira, ana amangotola, malambe ndi bwemba zimasungika miyezi yambiri osavuta, mango kuno amafulumira kupsa kusiyana ndi kumtunda. Mpunga tili nawo wa ku Nkhate ndi ku Muona tsidya la kum'mawa. Mapira ndi mchewere zimapirira ng'amba pomwe chimanga chagonja kale, ngakhale achinyamata ambiri tikaona nsima ya mapira timakwinya nkhope ngati atilakwira. Sangowa, ena amati chamwamba, ali pa mpanda wa nyumba zambiri chaka chonse, mbuzi ndi zomwe zimamudziwa bwino kuposa eni ake kkkk. Chitowe chomwe, timalima ife, mavenda kudzagula ndi masikelo awo kupita nacho, pakhomo osasiyako olo kachigoba kamodzi, chonsecho ndi gulu la zamafuta lathunthu limenelo.

Chomwe ndaphika kwambiri chiyambireni maphunzirowa ndi futali wa mbatata yofiira mkati. Mitundu yake ilipo ingapo, Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira ndi ina, ndipo kufiirako ndi komwe thupi limasandutsa vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha mthupi. Ndimasenda, kudula zidutswa zazikuluko ndithu chifukwa mbatata imeneyi imafewa msanga kusiyana ndi yoyera ija, mukadula ting'onoting'ono mupeza phala. Madzi ndimathira ochepa, osafika pamwamba pa mbatata, kuvundikira. Ikangoyamba kulola mpeni, ndimasungunula nsinjiro m'kapu ndi timadzi, kuthira pamwamba, kamchere, kenako kuchepetsa moto, ndipo apa musatakase ndi mphamvu, ingogwedezani poto kapena kutembenuza pang'onopang'ono ndi chipande mpaka nsinjiro zipse, fungo lauwisi lija lichoke, msuzi ugwirane. Nsinjirozo sizongokometsa ayi, vitamini A amafuna mafuta kuti alowe bwino m'thupi, nde mbatata yongowiritsa yokha ndi futali si chinthu chimodzi. Pambali kholowa wa mbatata yomweyo, tomato mmodzi, ndi madzi a malambe, mwapeza kale magulu angapo kuchokera pa dimba limodzi ndi mtengo umodzi wa kuseri kwa nyumba. Tsiku lomwe mtedza wadula ndimakazinga chitowe pang'ono pa chiwaya, chikayamba kuthetheka ndi kununkhira ndichotse, kusinja, kutendera chimodzimodzi. Chikapsereza chimawawa, nde osachoka pamoto kukayankha foni.

Gulu la zanyama ndi lomwe anzanga ambiri m'kalasi anabwera nalo lopanda kanthu, poti tikamva zanyama timaganiza za pa butchala. Zoseketsa, chigwa chonsechi ng'ombe ndi mbuzi zili ponseponse koma nyama yake pa mbale ya munthu wamba imafika mwa apo ndi apo, zambiri zimakwera malole kupita ku Blantyre. Chathu ndi nsomba. Dambo la Elephant Marsh ndi la Ndindi, komanso Shire yemweyo, zimatipatsa milamba, makakana ndi matemba, ndipo wopita cha ku Bangula amadziwa kuti kumeneko mulu wake umasiyana ndi wa pa msewu. Mlamba wowamba ndimautenga m'manja kaye ndisanalipire, kuupinda pang'ono, kununkhiza cha kumutu, kuugogoda pa benchi kuona ngati simukugwa tizilombo kapena ufa. Wofewa pamimba ndi wosauma, pofika mawa wayamba kale fungo. Kuphika kwake ndimauviika m'madzi ofunda kuti mchenga ndi mwaye zichoke, kuwiritsa pang'ono ndi anyezi ndi tomato, kenako nsinjiro, basi mafuta ogula osafunikanso. Koma chomwe chinanditsegula mutu ndi tinsomba ting'onoting'ono, matemba kaya usipa ndi bonya zochokera kunyanja. Timeneti timadya ndi minga yomwe ndi mitu, nde kashiamu ndi michere ina imalowa yonse. Kukazinga pouma, kusinja, kusefa, kusunga m'botolo lotseka bwino, supuni imodzi mu phala la mwana kapena mu ndiwo zamasamba, gulu lija lakwana pa ndalama yoti nyama simungagule olo ya kulawa.

Pa nkhani ya soda nde panyumba panali msonkhano. Agogo anga amaphika therere ndi chidulo kapena soda chiyambire ine ndisanabadwe, nde nditawauza kuti soda amawononga mavitamini ena m'masamba, makamaka C ndi ena a gulu la B, anangondiyang'ana nkuti, "Iwe mwana, amako anakula ndi therere lomweli, ukuwaona ngati odwala?" Ndinati ayi agogo, sindikunena kuti musiye therere. Tinagwirizana pakati, therere ndi denje aziphika mmene amadziwira chifukwa popanda soda kutelera kuja sikubwera bwino, koma nkhwani, bonongwe, chisoso ndi kholowa tiziphika popanda, madzi ochepa, nthawi yochepa, kuphula zikadali zobiriwira ndipo msuzi wake osataya. Sanavomere ndi pakamwa koma ndaona kuti botolo la soda likukhalitsa masiku ano.

China chomwe sindinkachiganizira ndi zomwe timamwa pa chakudya. Ayironi wa mu nyemba ndi masamba thupi limavutika kumutenga, koma pakakhala chowawasa cha vitamini C ngati malambe, masawu kapena mandimu amalowa bwino, pomwe tiyi amatchinga. Nde mayi woyembekezera amene akuuzidwa kusikelo kuti magazi achepa, kumwera tiyi pa nyemba ndi kudzibweza m'mbuyo. Madzi a malambe ndi osavuta, kuviika m'madzi owiritsa omwe azizira mpaka ufa usungunuke, kusefa njere ndi ulusi, kashuga pang'ono basi. Shuga wathu wa pa Nchalo amathiramo vitamini A, izi ndi zoona, koma sichifukwa choti tizithira masupuni asanu ati tikumwa mankhwala.

Mitengo sindilemba muno dala, chifukwa chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wolemba lero umakhala wabodza mwezi wamawa. Zomwe ndaphunzira ndi kagulidwe. Masamba ndi nsomba zaziwisi ndimagula m'mamawa dzuwa lisanazigwire, koma tomato ndi anyezi ndimadikira madzulo a tsiku la msika pomwe ogulitsa sakufuna kubwerera nazo, mulu umakula ndipo basela amabwera wosapempha. Tomato wofewa pang'ono wa madzulo amapanga supu wabwino kuposa wolimba wa m'mawa, bola asakhale wowola. Kugula kwa munthu mmodzi nthawi zonse kumathandizanso, amayi ena omwe ndimawagula masamba akangondiona amati "achemwali, lero nkhwani wabwino ndakusungirani pansi apa," pomwe mlendo amutengera wa pamwamba wofota uja. Zouma ngati khobwe, nandolo, mapira ndi mtedza ndi zogula pa chigoba kapena ndowa nthawi yokolola, ndipo ife pa banki mkhonde yathu tinayamba kusonkherana kugula pamodzi nkugawana, chifukwa timapaketi ta tsiku ndi tsiku tija timaoneka totchipa koma mukawerengera pamwezi ndi tomwe timadya ndalama kwambiri. Ndikudziwa si aliyense ali ndi ndalama yogulira zambiri nthawi imodzi, munthu wa ganyu amagula za lero lokha, nde mpake kusonkherana.

Pali kutchipa kwina koopsa. Mtedza wonyala, wosweka, wakuda kapena wowawa womwe amaugulitsa motsika ati ndi wa nsinjiro, umenewo ndi womwe umakhala ndi chuku, ndipo poizoni wa chuku saphedwa ndi moto, mungakazinge bwanji. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono ndipo kwa ana amawonjezera kupinimbira, vuto lomwe kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti linali pa ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu. Nde nsinjiro zosinja kale za m'tijumbo ndinasiya kugula, ndimagula mtedza wathunthu ndione ndi maso anga, kusankha, kusinja ndekha. Chimanga chofukwa kapena chonyowa chimodzimodzi. Mchere ndimafuna wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini, kusunga m'kabotolo kotseka kutali ndi moto. Mafuta oyeza a m'timachubu otchipa inde, koma akhala padzuwa tsiku lonse ndipo simudziwa achokera mu chigubu chanji.

Kutentha kwa kuno kumasinthanso malamulo a m'buku. Buku limati viikani nyemba usiku wonse kuti zipse msanga, zoona zimapulumutsa nkhuni, koma mu Novembala mukaviika msanga madzulo pofika m'mawa zayamba thovu ndi kafungo kosasa, nde ine ndimaviika pogona penipeni nkudzuka nazo m'bandakucha. Khobwe ndimakonda kupanga chipere, kukazinga pang'ono, kupera pa mphero kapena kukonola mu mtondo, kupeta makoko achoke, kenako amapsa mwachangu nkukhala phalaphala loti ngakhale mwana wa miyezi isanu ndi iwiri atha kudya. Pa chitetezo mbaula tinkhuni titatu tokha takwana. Mkute nde nkhani ina, ndiwo zophika masana kuno sizidikira mpaka usiku zili bwino, nde phikani zokwana, zotsala vundikirani ndipo podya tenthetsani mpaka ziwire, osati kungofunditsa. Amene tinaona kolera ya 2022 ndi 2023 itadutsa m'midzi yathu sitifunikanso kuuzidwa kawiri za madzi otsukira masamba ndi kusamba m'manja ndi sopo.

Gawo lomwe likundivutabe ndi la Januwale ndi Febuluwale. Miyezi imeneyi chimanga chadula, madimba amira, misewu ina yaduka, ndipo chaka cha madzi osefukira ngati 2015 kapena cha namondwe Freddy mu 2023 anthu amakathera ku dambo kukazula nyika, mizu ya zomera za m'madzi ija, kulimbana ndi ng'ona chifukwa cha chakudya chongodzaza mimba. Munthu ameneyo kumuuza za magulu 6 ndi chipongwe. Ndinafunsa m'kalasi, aphunzitsi anati mbale ya Febuluwale imakonzedwa mu Julayi, nde pano tili pa mutu wa kufutsa. Chitambe ndi nkhwani timaziwiritsa pang'ono chabe ndi kamchere, kukhetsa, kuyanika pa thandala pamthunzi podutsa mphepo osati padzuwa lamoto lija chifukwa limawotcha mtundu ndi mavitamini omwe. Sangowa sitiwiritsa nkomwe, kungoyanika m'nyumba nkusinja. Mbatata kudula mapande opyapyala kuyanika makaka, masawu ndi malambe m'thumba pamalo ouma. Agogo pa mutu uwu nde akundiphunzitsa ndi iwo, ati mfutso wanga ndikuthinitsa pa thandala suuma msanga, ndipo zosunga zonse ati tizipachika kudenga mu ndowa yotseka, osati pansi pomwe madzi amayambira kulowa.