Ilala ikukana kuchoka m'mutu mwanga

Tulo takana. Nkhani yake ndi yaing'ono, koma ikungondibwerera.

Mwana wa mchemwali wanga wabwera kuchokera ku Johannesburg, ndiye masanawa anadzationa. Tili pa tiyi anatulutsa foni n'kuyamba kundionetsa zithunzi za tchuthi chake. Sitima yaikulu yonyamuka ku Durban kulowera kugombe la Mozambique, nsanjika pamwamba pa nsanjika, dziwe losambiramo padenga, chakudya chongodzitapira usana ndi usiku. Ndinasangalala naye, mwanayu amakhetsa thukuta kumeneko. Kenako ndinati nafenso tili ana tinkakwera sitima pa tchuthi, Ilala.

Anaseka. "Amalume, chitsulo chakalekale chija? Imeneyo ndi basi ya pamadzi, si tchuthi ayi."

Ndinangoti, "Imwa tiyi, azizira."

Sananame kuti ndi yakale. Anaipanga ku Glasgow mu 1949, n'kuibweretsa zidutswazidutswa, kudzailumikiza ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda panyanja mu 1951. Zaka zimenezi ndimazidziwa chifukwa malemu bambo anabadwa mu 1951 momwemo, moti ankati Ilala ndi mnzawo wa msinkhu umodzi. Sukulu zikatsekera ankatitengera ku Monkey Bay Lachisanu m'mawa, ndalama zake atazisunga pang'onopang'ono pa malipiro auphunzitsi. Hutala ikalira, chifuwa changa chinkanjenjemera pamodzi ndi chitsulo chimene ndapondapo.

Ife tinkakhala pansi, pakati pa matumba a ufa, madengu a usipa, njinga, nkhuku zomangidwa miyendo. Fungo la dizilo losakanikirana ndi nsomba zouma ndikulimva mpaka pano ndikulemba. Ulendo umodzi wokha bambo analipira kuti tigone pamwamba, pamtetete, ndipo usiku umenewo sindinatseke maso. Nyali za asodzi zinali mbee pamadzi, nyenyezi kumwamba, osadziwa pamene nyanja yathera.

Koma chimene chandisowetsa tulo ndi mayi wina. Tinafika ku Likoma kuli mdima, mwera ukuwomba. Nthawi imeneyo sitima inkaima patali ndi gombe, amatsitsa maboti, anthu n'kumapatsirana katundu ndi ana m'manja m'manja. Ine ndinapezeka ndili pamiyendo pa mayi amene sindinawaonepo. Anandifunditsa chitenje chawo, nandinyemera chinangwa chophika, akundilankhula Chitonga chimene sindinkamva. Ndinasanza pa chitenje chomwecho, iwo anangochitsuka m'nyanja n'kundigwiranso. Dzina lawo sindinafunse, ndinali ndi zaka mwina zisanu ndi ziwiri. Mu sitima ija zinali choncho. Pofika ku Nkhata Bay umakhala utadziwa amene akupita kumaliro, amene akukatenga mkazi ku Usisya, amene akubwerera kwawo ku Ruarwe patatha zaka ali ku Joni. Bambo ankatha tsiku lonse atatsamira chitsulo cha m'mbali akucheza ndi munthu amene akumana naye m'mawa, n'kutiitana kuti tidzaone nkhungu, tizilombo touluka tija, zikukwera panyanja ngati utsi wa moto wolusa.

Zonsezi sindinamuuze mwanayu. M'malo mwake ndinamufunsa kuti, "Nanga mu sitima yakoyo unadziwanamo ndi ndani?" Anaganiza kaye, akuti munali anthu masauzande, amene akumukumbukira ndi mnyamata wowaperekera chakudya. Mawu anga anatuluka olimba kuposa mmene ndinkafunira, ndinaona nkhope yake yagwa, foni n'kuibweza m'chikwama. Zimenezi zikundipweteka. Anabwera kudzandionetsa chimwemwe chake, ine n'kumuyankha ngati wandilakwira, chonsecho iye agogo ake aamunawo sanawapeze, ndipo panyanja ya kwathu sanayendepo. Olakwa ndife amene sitinamutengeko.

Akubwerera Lamlungu likudzali. Ndalemba uthenga woti akadzabweranso mu Disembala tidzakwere limodzi, olo kungoyambira pa Nkhata Bay kukafika ku Likoma. Ndafufuta, ndalembanso. Ndikuopa kuti akadzaikwera adzangoona dzimbiri ndi kuchedwa, ndipo mwina nanenso ndidzaona zomwezo, bambo palibe.

Uthengawo udakali pa foni, sindinautumize.