Printa yotsukira zithunzi: yambani mwafunsa za inki

Nkhani ya printa ndathana nayo, koma tsiku limene ndinataya pakati pa Limbe ndi m'tauni likundiwawabe. Ndinayamba ndi kaprinta kotchipa ka makatiriji (timabokosi ta inki) awiri, yakuda ndi yamitundu. Zithunzi za chinkhoswe chimodzi zisanathe n'komwe, inki inauma gwa. Kusitolo komwe ndinagula akuti makatiriji ake abwera mwezi wamawa. Ndinakwera maminibasi atatu dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndipo komwe ndinakawapeza, awiriwo mtengo wake unatsala pang'ono kufanana ndi wa printayo. Ndiye musanafunse mtengo wa makina, funsani inki yake, ndipo akuonetseni botolo lili pashelefu.

Gulani yathanki, yothira inki ya m'botolo. Ngati ndalama zavuta, Epson L3250 imakwana: inki zinayi za nambala 103, ndipo pamwamba pake pali sikana kale. Zithunzi za ziphaso ndi makalata imatulutsa bwino. Koma wojambula anthu ayang'ane ya inki zisanu ndi imodzi, monga Epson L8050 kapena L805 yakale ija ya inki za nambala 673. Mitundu iwiri yowonjezerayo, cyan (ngati buluu) ndi magenta (ngati pinki) zopepuka, ndi imene imasalaza khungu kuti nkhope isaoneke timadontho. Maprinta awiriwa alibe sikana. Canon G640 ili ndi inki zisanu ndi imodzi komanso sikana, bola mupeze kaye wogulitsa mabotolo ake kuno ku Blantyre.

Ndaiwala za pepala. Wamba wa muofesi amamwa inki ngati chinkhupule, chithunzi n'kutuwa. Tengani glossy, pepala lonyezimira la zithunzi, lokhuthala 200gsm kapena kuposa, saizi ya 4R, ndiye kuti 10 x 15 cm, ndipo musankhe mtundu wa pepalalo pa kompyuta musanadine print. Mukapita kukagula, nyamulani chithunzi cha munthu wakhungu lakuda pa fulashi, akutsukireni pomwepo. Zomwe amapachika m'sitolo zimakhala za maluwa, sizikuuzani kanthu.

Sikana musaonongerepo ndalama zambiri. Canon LiDE 300 imatenga moto pa USB ya laputopu, ndiye ngakhale magetsi azime ntchito imayenda. Chithunzi chakale cha agogo chomwe mukufuna chituluke saizi yomweyo, 300 dpi (timadontho pa inchi iliyonse) yakwana. Chokulitsa, ikani 600. Manambala akuluakulu a pabokosi aja angokudzazirani kompyuta. Manegativu okha ndiwo amafuna sikana yokhala ndi nyale pachivundikiro, ngati Epson V600, ndipo woyamba kumene sayifuna. Pukutani galasi nthawi zonse, fumbi la kuno limaoneka ngati nthomba pachithunzi.

Za magetsi: musalumikize printa pakhoma mwachindunji. Ikani surge protector, yoteteza magetsi akabwera mwamphamvu, mukatha UPS yaing'ono, ya batire yosunga moto, chifukwa akazima ili pakati pa ntchito mutu wake wotulutsa inki umaima pambalambanda n'kuyamba kuuma. Ndipo isakhale sabata yathunthu osatsuka kanthu. Inki ikatseka timabowo ta mutuwo mudzachita head cleaning (kutsuka mutu) kangapo, inki n'kumathera m'kasiponji kam'kati.

Inki yothira m'mabotolo opanda dzina ija ndaisiya, chithunzi chimasuluka chikangokhala pawindo. Risiti ndi pepala la waranti ndazisunga m'bokosi la printa, ndipo ndinagulirathu mabotolo ena a mtundu uliwonse tsiku lomwelo, poti mitengo ya zinthu zochokera kunja sikugona.