Makilomita 72 pa njanji yopanda sitima ku Olvera

Ndinafika ku Olvera pa basi dzuwa litapendeka, m'mwezi wa Meyi, ndipo nditangotsika ndinayang'ana kumwamba n'kugwira pakamwa. Tauniyi ili m'chigawo cha Cádiz, kummwera kwa Spain, ndipo inamangidwa pamsana pa phiri. Nyumba zake n'zoyera mbee ndi laimu, zosanjikizana mpaka pansonga pomwe pali tchalitchi cha nsanja ziwiri ndi linga lakale lokhala pa thanthwe. Ine ndinadzera kupalasa njinga, ndiye kuona mtunda woterowo maondo anayamba kudandaula ndisanakhudze ndi chishalo chomwe.

Chinandikopa ndi njira yotchedwa Vía Verde de la Sierra. M'zaka za m'ma 1920, mu ulamuliro wa Miguel Primo de Rivera, yemwe kwawo kunali ku Jerez, boma linayamba kumanga njanji yochokera ku Jerez mpaka ku Almargen. Anabowola mapiri, kumanga milatho, kumanga masiteshoni. Mkuluyo anagwa pampando mu 1930, nkhondo yapachiweniweni inabuka mu 1936, ndipo m'mapiri amenewa sitima sinadutsemo ndi tsiku limodzi lomwe. Chomwe chinatsala ndi msewu wa makilomita 36 pakati pa Olvera ndi Puerto Serrano, wokhala ndi mapanga 30 obowoledwa m'mapiri ndi milatho italiitali 4. Lero ndi wa anthu apanjinga, oyenda pansi ndi okwera akavalo.

Usiku womwewo ndinakonza zoyenera. Njinga ndinali nditapempheratu kwa obwereketsa, chifukwa Loweruka ndi Lamlungu anthu amadza ndi mabanja awo ndipo njinga zabwino zimatha msanga. Ndinasankha ya matayala onenepa ndi magiya ambiri, poti mbali yaikulu ya njirayi ndi dothi lotsendereka losakaniza timiyala. Wobwereketsayo, bambo wachikulire wa ndevu zotuwa, anandipatsa chipewa chodzitetezera, pampu, chubu chapadera ndi loko. Lamulo la kumeneko limafuna kuti wapanjinga avale chipewacho akatuluka m'tauni. Kenaka anandiloza m'botolo langa limodzi n'kunena kuti "Más agua", kutanthauza kuti ndionjezere madzi. Ndinaseka, n'kuwauza mwa Chisipanishi changa chothyokathyoka kuti ndinakulira kotentha. Iwo anangogwedeza mutu.

M'mawa ndinadya chomwe anthu akumeneko amadya: buledi wootcha wothira mafuta a azitona ndi tomato wopera, ndi kakapu ka khofi wowawa. Mafutawo ndi a komweko, poti mapiri onse ozungulira Olvera ndi minda ya azitona yokhayokha, mitengo ili m'mizere ngati ana a sukulu pa asembule. Siteshoni yakale, pomwe njirayi imayambira, ili kumunsi kwa tauni, ndiye ndinatsetsereka zala zili pa mabuleki. Ndikutsika chonchi, ndinaiwala kuti madzulo mtsetse womwewu udzasanduka chikweza.

Ndinanyamuka cha m'ma 8 koloko. Apa mpofunika kumvetsa bwino, chifukwa mpomwe ambiri timapusira. Kuchoka ku Olvera kulowera ku Puerto Serrano njira imatsika pang'onopang'ono, mosaoneka ndi maso, monga momwe njanji iliyonse imakhalira poti sitima siikwera chitunda chachikulu. Njinga imangoyenda yokha, iwe n'kumadziona ngati katswiri. Ndinadutsa siteshoni ya Navalagrulla, yomwe ndi bwinja chabe, ndisanatuluke thukuta ndi dontho lomwe.

Mapanga aja ndi omwe anandidabwitsa. Aafupi umalowa ukuona kale kuwala kwa tsidya linalo. Aatali ali ndi magetsi, koma musadalire zimenezo. Khalani ndi tochi yanu pa handulo, ndipo magalasi adzuwa muvule musanalowe. Ine pa phanga lina lokhota ndinalowa magalasi ali kumaso, ndipo kwa kamphindi ndinali wakhungu, n'kungomva matayala a munthu wina akubwera kutsogolo kwanga. Tinaphonyana pang'ono zedi. Kuchokera apo ndinkayamba ndaima, kuvula magalasi, kuyatsa tochi, n'kugwira dzanja lamanja la njira, poti kumeneko amayendera kumanja, osati kumanzere ngati kwathu. Mkatimo mumazizira ngati mumtsuko, ndipo mukamabwerera masana kuzizira kumeneko mumakulakalaka.

Nditapalasa makilomita pafupifupi 15 ndinafika pa Peñón de Zaframagón. Ndi chithanthwe chachikulu chotuwa chomwe mtsinje wa Guadalporcún unaching'amba pakati, ndipo mlatho wa njanji ija umadutsa pafupi. Pamenepa ndinakhalitsa. M'ming'alu ya thanthwelo mumakhala miimba yambirimbiri, limodzi mwa magulu aakulu kwambiri a mbalamezi ku Andalucía konse. Muimba wa kumeneko, womwe amautcha buitre leonado, ukatambasula mapiko amapyola mamita awiri ndi theka. M'mamawa imangokhala pathanthwe ngati madoda pabwalo la milandu, kudikira kuti dzuwa litenthetse mpweya. Mpweya ukayamba kukwera, imadzigwetsa umodziumodzi n'kumazungulira osakupiza mapiko ndi kamodzi komwe. Ndinawerenga mpaka 40 n'kusokonezeka. Mu siteshoni yakale ya Zaframagón anakonzamo malo oonerako mbalamezi, momwe makamera oikidwa pathanthwe amaonetsa zisa pa kanema, ndipo uwona mwanapiye wadazi akutsegula kukamwa kudikira chakudya. Kwathu muimba timauona ngati mbalame ya zovunda, koma kumeneko anthu amayenda mtunda kudzaujambula.

Siteshoni ya Coripe ili makilomita ochepa kutsogolo, ndipo pali malo odyera ndi mithunzi. Ndinapatuka pang'ono kukaona Chaparro de la Vega, mtengo wa encina wa zaka mazanamazana, wotambalala ngati kachere wa pabwalo la mfumu, womwe boma limauteteza. Munthu wanzeru amabwerera pamenepa. Ukapita ku Coripe n'kubwerera ku Olvera wapalasa makilomita opyola 40, waona miimba, waona milatho, ndipo umafika miyendo ikadali yako.

Ine sindinabwerere. Nthawi inali isanakwane 11 koloko, thupi lili gwa, ndipo ndinkafuna kuona phanga lalitali kuposa onse, Túnel del Castillo, la mamita 990, lomwe lili kutsogolo pang'ono ukawoloka mlatho wa Coripe. Nditatulukira tsidya lina ndinati, aaa, poti ndafika kale kuno, bwanji ndikangomaliza? Ndinatsata mtsinje wa Guadalete, kukwera kachitunda kamodzi kowawa komwe njira imasiyana ndi mzere wa njanji, n'kufika ku Puerto Serrano masana. Ndinadya mbale ya tsikulo, yomwe amaitcha menú del día: msuzi wozizira wa tomato, nyama ya nkhumba ndi mbatata, buledi ndi chakumwa, zonse pa mtengo umodzi. Dziwani kuti wotchi ya kumeneko njosiyana. Nkhomaliro imayamba cha m'ma 2 koloko, masitolo ang'onoang'ono amatseka masana mpaka cha m'ma 5, ndipo chamadzulo simuchiona 8 koloko isanakwane. Ine ndinatuluka m'malo odyerawo ndi botolo langa limodzi lija lodzaza, osaganiza zogula lachiwiri.

Ulendo wobwerera ndi womwe unandiphunzitsa ulemu. Makilomita 36 omwewo, koma tsopano pafupifupi onse okwera, dzuwa lili paliwombo, m'mimba muli nkhumba. Chikwezacho si chachikulu, koma sichikupatsa mpata wopuma. Ukangosiya kupalasa, njinga imaima. Ndisanafike ku Coripe tayala lakumbuyo linaphwa. Ndinakankha njinga mpaka pakhomo pa phanga kuti ndigwire ntchito mumthunzi: kutembenuza njinga, kumasula gudumu, kutulutsa chubu, kusisita mkati mwa tayala ndi chala mpaka ndinapeza kaminga, kuika chubu chatsopano, kupopa. Musadumphe zosisita m'tayalazo, apo ayi chubu chatsopanocho chiboka pomwepo. Ku Coripe ndinagula mabotolo awiri aakulu, mawu a bambo a ndevu zotuwa aja akundilira m'khutu, chifukwa kuchoka apo mpaka ku Olvera malo odalirika opezapo madzi ndi ochepa, ndipo foni imataya netiweki m'makhwawa ena. Nambala ya zadzidzidzi ndi 112, koma ndi bwino kusafika poiyimba.

Ndinafika pa siteshoni ya Olvera cha m'ma 6 koloko, makilomita 72 ali m'miyendo, n'kuyang'ana tauni ili pamwamba paja. Sindibisa, ndinatsika n'kukankha. Gogo wina atakhala pakhomo pake anandilonjera kuti "Buenas", akumwetulira ngati munthu amene waona alendo ambiri akukankha njinga pamalo omwewo.

Tsiku lachiwiri m'mawa ndinakwera wapansi kukaona linga lija. Linamangidwa ndi Asilamu omwe ankalamulira derali, ndipo mfumu Alfonso XI inalilanda mu 1327. Masitepe ake ndi opapatiza, osemedwa m'thanthwe, koma ukafika pamwamba umaona madenga onse, tchalitchi cha Encarnación chomwe chinatha kumangidwa mu 1843, ndi mzere wa njira ya dzulo ukulowa ndi kutuluka m'mapiri. Masana ndinatenganso njinga, ulendo uno pa msewu wa tala wodutsa ku Torre Alháquime kupita ku Setenil de las Bodegas, makilomita pafupifupi 15. Uku kulibe chifundo cha njanji: ndi kukwera, kutsika, kukwera, ndipo giya yopepuka kwambiri ndi yomwe imagwira ntchito. Madalaivala amakupatsa mpata, poti lamulo limawauza kusiya mita ndi theka podutsa wapanjinga. Ku Setenil anthu anamanga nyumba pansi pa matanthwe olendewera m'mbali mwa mtsinje wa Trejo, moti thanthwelo ndilo denga. Pali msewu wina wotchedwa Cuevas del Sol, komwe dzuwa limafika, ndi wina Cuevas de la Sombra, komwe thanthwe limaphimba msewu wonse. Ndinamanga njinga ndi loko, n'kukhala kumbali ya mthunzi ndi mabotolo anga awiri, kudikira kuti dzuwa lifewe ndisanayambe chikweza chobwerera ku Olvera.