Kuchoka ku Chipata kukalandira kemo ku Lusaka

Chotupa cha m'bere langa lakumanzere sichinkapweteka, koma anesi a pa kiliniki anati ndisadikire ululu. Anandilembera kalata yopita ku Chipata Central Hospital, komwe anandiunika n'kudula kanyama kakang'ono kuti akakapime. Zitadziwika kuti ndi khansa, anandipatsa kalata ina ya ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi chipatala chachikulu cha UTH. Makalatawa, reji ndi khadi la inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA ndinaziika m'fayilo imodzi, mwana wanga wamkulu n'kujambula pepala lililonse pafoni.

Ulendo wake ndi wa makilomita oposa 550. Basi imanyamuka kusanache, kudutsa Katete, Petauke, Nyimba, mpaka kuoloka mlatho wa Luangwa. Muzifika tsiku lanu lisanakwane, chifukwa asanakuikeni dripu amayamba apima magazi, ndipo akakhala ochepa mphamvu amakuuzani kuti mudikire. Ine kemo, mankhwala a khansa a m'dripuwo, ndinkalandira pakapita masabata atatu alionse. Tsitsi linayamba kutsalira pa pilo ndisanapite kachiwiri, ndiye ndinangometa mpala n'kumanga chitambala. Chinandivuta kwambiri ndi m'kamwa: madzi ankamveka chitsulo, fungo la kapenta pamoto linkandithamangitsira panja. Phala lamadzimadzi ndi chibwabwa chopanda mafuta ndizo zinkatsika. Thupi likatentha mpaka 38, musayambe mwamwa Panadol n'kugona. Pitani kuchipatala usiku womwewo.

Abale onse amanena kuti "tili nanu", ndipo amanenadi zoona, koma mawuwo sagula tikiti. Tinakhala pansi n'kugawana ntchito. Alamu anga a ku Kaunda Square, mu Lusaka momwemo, anati ndizigona kwawo. Apongozi anasamukira kwathu kuti ana asajombe kusukulu. Bambo a kunyumba anatenga kabuku ka masiku ndi ka ndalama, pomwe amayi a m'chilimba chathu anandipatsa gawo langa nthawi yanga isanafike. Azakhali anabwera ndi botolo la zitsamba. Ndinalandira ndi manja awiri, koma adokotala anali atandiletsa kusakaniza mankhwala, choncho silinatsegulidwe. Azakhaliwo anakwiya pang'ono, kenaka anayamba kunditumizira nsinjiro.

Ana tinawauza dzina la matendawa, osati "amama akudwaladwala". Wamng'ono anafunsa kuti, "Amama, ndikagona nanu nditengera?" Ndinati, "Ayi mwanawe, khansa sapatsirana." Kuyambira pamenepo ndiye ankandisisita mutu.

Madokotala atachotsa bere ndi timitsempha ta m'khwapa, anandiphunzitsa kukweza dzanja pakhoma pang'onopang'ono, ndi kusalola jekeseni kapena kupima BP kudzanja limenelo poopa kutupa. Ndowa ya madzi ndinaisiyira ana. Panopa ndikumwa piritsi la tamoxifen, lothandiza kuti khansa isabwerenso, tsiku lililonse, ndipo anati ndidzamwa kwa zaka zosachepera 5, uku ndikupitabe kukaonedwa.