Nkhafi yolembedwa mayina ndi malaya a ogonja

Sabata yathayi ndimalemba ntchito ya kalasi ya mbiri ya masewero, ndipo mutu umene unandigwera unali wa miyambo ya opambana pa mipikisano yopalasa mabwato. Ndinayamba monyinyirika, poganiza kuti ndi nkhani yomweyi ya chikho ndi mendulo monga timaonera ku mpira. Ndinadzinamiza.

Ku mayunivesite a Oxford ndi Cambridge ku England, makoleji amapikisanirana pa mitsinje yopapatiza moti mabwato ambiri sangayende mbali ndi mbali. Ndiye amawandandalika mondondozana, mzinga ukalira bwato lililonse limathamangitsa lakutsogolo kwake kuti liligunde. Mpikisanowu amautcha bumps, ndipo umatenga masiku anayi. Amene agunda anzawo masiku onse anayi amaloledwa kukhala ndi nkhafi yopakidwa utoto wa koleji yawo. Pa nkhafipo amalembapo chaka, mabwato amene anagundidwa, mayina a opalasa onse 8, la wowongolera, la mphunzitsi, mpaka kulemera kwa munthu aliyense. Tangoganizani, mdzukulu wako kudzawerenga pakhoma kuti agogo ankalemera bwanji ali mnyamata! Ogundidwa masiku onse anayi nawo satsala manja, amati apata supuni yamtengo.

Mwambo umene unandivuta kumeza ndi wowotcha bwato. Koleji ikathera pamwamba pa onse, malo amene amati Head of the River, ena amatenga bwato lakale n'kuliyatsa moto anthu akuchemerera. Ine ndinakulira kufupi ndi nyanja, kumene bwato ndi ndiwo za banja lonse, ndipo ngakhale lobooka timalimata. Ndawerenga zifukwa zawo, koma mtima wanga sunavomerebe.

Mwambo wina ndi woponya wowongolera m'madzi. Iyeyu sapalasa, amakhala wopepuka thupi, ndipo ntchito yake n'kugwira chiwongolero ndi kukuwira anzake ulendo wonse, choncho akapambana amamunyamula n'kumuponya mumtsinje. Pa mpikisano wina, wa pakati pa yunivesite ya Oxford ndi ya Cambridge, umene unayamba mu 1829 ndipo masiku ano umachoka ku Putney kukafika ku Mortlake mu London, mtunda wa makilomita 6.8, mu 2024 opalasa anachenjezedwa kuti asalowe m'madzi chifukwa mtsinje wa Thames unali ndi tizilombo ta E. coli tochuluka.

Koma pomwe ndinakhalitsa ndi pa malaya. Ku America, kumene Harvard ndi Yale anayamba kupikisana mu 1852, matimu a mayunivesite amabetcherana malaya opalasira. Mpikisano ukatha, ogonja amapita okha kwa opambana, aliyense n'kupereka malaya ake kwa amene amakhala pa mpando wofanana ndi wake m'bwato linalo. Wachitatu kwa wachitatu, wachisanu kwa wachisanu. Poyamba ndinaona ngati n'kuchititsana manyazi. Nditaganiza bwino ndinazindikira kuti mwambowu umamana wogonja mpata wothawa, komanso umamana wopambana mpata wonyada ali patali. Awiriwo ayenera kuyang'anana, kugwirana chanza, mwina kuchezako pang'ono. Ndipo amene akulandira malayawo ndi munthu yekhayo kutsidyako wodziwa mmene mpando umenewo umawawira msana. Chikho chimakakhala mu kabati ya sukulu, pomwe malayawo amapita kunyumba kwa munthu, ali ndi dzina la timu imene anaigonjetsa.

Za Doggett's Coat and Badge ndinangozikhudza m'mizere iwiri: mpikisano wa mu London woyambira mu 1715, wopambana amalandira jekete lofiira ndi baji yasiliva yovala pamkono. Aphunzitsi anandilembera m'mphepete kuti pamenepa ndathamangapo kwambiri, ndipo akunena zoona. Malo onse ndinali nditamalizira pa malaya aja.