Zikomo aphunzitsi opuma a ku Dedza

Ndikuthokoza bambo ena, aphunzitsi opuma, amene ndinakhala nawo pa benchi ku ofesi ya DC ku Dedza. Amuna anga atamwalira, achibale awo anafuna kutenga nyumba, mbale zomwe. Bambowa anatenga lamulo la chuma cha masiye la 2011, la Chingerezi cha maloya chija, n'kulilemba m'kope m'Chichewa chathu. Ankalemba, kuwerenga mokweza, kufufuta, kulembanso, mpaka ine wosapita patali ndi sukulu nditamva kuti kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndiponso kuti ziwiya za m'nyumba ndi za mkazi wotsala. Ngakhale ya sopo anakana kulandira.

Bambo, kope lija tikuliwerenga ku banki mkhonde, ndipo amayi anzanga akukopera. Mulungu akudalitseni.